Nsalu Yobooka pa Ukwati wa Luwiza

Amayi anga, kodi kumeneko muli bwanji? Kuno tilipo, ngakhale chisanu cha chaka chino chatilowa mpaka m'mafupa. Ndakhala pakhonde lanu, dzuwa likundiwomba kumsana, ndipo ndikulemba pa mapepala amene ndang'amba m'kabuku ka kusukulu ka mdzukulu wanu wamkulu. Ndikamaliza ndiwerenga kamodzi, kenako kalatayi ndiiponya pamoto. Musakhumudwe nazo. Masiku ano pepala likapezeka m'nyumba limamera pakamwa, ndipo utsi wokha ndi umene ungafike kwanuko popanda sipayo, wapolisi wa boma, kuuimitsa panjira n'kuufunsa giya, chiphaso cha ulendo.

Za pakhomo ndi izi. Chimanga chinadzaza nkhokwe yaikulu, china tinachita kusanjika padenga. Kachewere wa kudimba anabereka bwino, moti amuna anga apalasa naye njinga kawiri kupita ku Kalomwe, koma nyemba zinatikana. Ng'ombe yanu ya nyanga imodzi ija inaswa thole lofiira, lamwano ngati make. Ine ndinachira mvula itangoyamba, mwana wamwamuna. Makutu ndi a abambo, kulira ndi kwanga. Munkanena kuti ine ndinalira miyezi itatu osapuma mpaka agalu a m'mudzi anasamuka. Uyu ndiye wabwera kudzakulipsirirani.

Abambo ali bwino, koma manja awo sapindikabe. Mukukumbuka mmene anabwerera ku posito, ku ofesi ya boma, chaka chimene Zakariya anachoka, zikhatho zitatupa ndi mbalamatodya, thabwa lawo lomenyera lija, chifukwa chokana kunena kumene mwana wawo wapita. Mpaka lero mabatani a malaya ndimawamangira ndine. Ndipo mpaka lero aliyense wofunsa timamuyankha mmene munatiphunzitsira: Zakariya anapita ku Joni, salemba kalata, ndi mwana wosayamika. Zakuti mlongo wangayo analowa kutchire ndi anyamata a mfuti aja sitizinena ngakhale kwa nkhuku.

Koma chimene ndakulemberani ndi ukwati wa Luwiza, mzime wanu. Unachitika masabata atatu apitawa, Loweruka. Akuchimuna a ku Domwe anadikira mwaulemu mpaka titameta ndi kuvula zakuda. Padiri anawadalitsa m'mawa, phwando tinachitira pabwalo lathu pansi pa mapichesi, ndipo Luwiza analira pamene mkwatibwi amayenera kulira, osapitirira muyeso. Mukanamuona mukanaimba nthungululu mpaka mawu kutha. Koma chichitikireni ukwatiwo ine sindigona tulo, ndipo galimoto ikalira kumsewu ndimasiya chilichonse chimene ndagwira. Palibe munthu wamoyo amene ndingamuuze chifukwa chake, ndiye ndikuuzani inu.

Malamulo anu a paukwati ndinawasunga onse, ndipo ndinawalengeza kwa amayi a m'mudzi muno mpaka ena anayamba kunditcha dzina lanu mondinena. Mlendo asavale zoyera, zoyera n'za mkwatibwi. Asavale zakuda, pano si pamaliro. Asabwere ndi nsalu ya kumunda ngati tamuitanira kupalira. Mwamuna avule chipewa polowa pabwalo, ndipo asaponde kumene amayi akuphika. Ndiye lalikulu lija munkalibwereza mukutiloza ndi mthiko: "Mlendo aliyense ali ndi mwini wake. Ukaona munthu akudya koma palibe amene akuti ndi wanga, umuyang'ane kumapazi, udziwe kumene wachokera." Kale tinkaseka, poti munkanena za anthu obwerera nyama. Masiku ano munthu wopanda mwini paukwati amakhala kuti watumidwa kudzamvetsera.

Nsalu ya akuchikazi inali ija munasankha nokha ku kantina, sitolo ya Mmwenye ija, musanagwe pamphasa, yobiriwira ya maluwa achikasu. Amayi khumi ndi atatu tinavala yofanana, ndi duku lake lomwe. Yanu inali m'bokosi lanu lachitsulo, yosachapa, ikununkhabe kantina. Azakhali, alongo awo a abambo aja, anaiyendera katatu. Koyamba anati idyedwa ndi njenjete. Kachiwiri anati akungofuna kuiona. Kachitatu anandifunsa m'maso muli gwa ngati ndikufuna kukaigulitsa ku Dedza. Ndinawauza kuti mfungulo inasowa tsiku la maliro. Mfunguloyo inali m'chiuno mwanga, yomangirira ku mkanda. Sindinkadziwa kuti ndikuisungira chiyani nsaluyo. Ndinkangokana kuona munthu wina ataivala.

Woyamba kuswa malamulo anu anali Gasipala, sipayo wa kuno, mwana wa NaBanda amene munamulandira ndi manja anu tsiku limene anabadwa. Sitinamuitane, koma lisensa yololeza phwando inadzera m'manja mwake, ndiye tikanamubweza bwanji? Analowa ndi majombo, chipewa cha boma chili kumutu, n'kukhala pampando umene tinasungira ankhoswe. Abambo anayang'ana chipewacho, kenako anayang'ana manja awo. Ndinamupatsa chiwindi ndi thobwa, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Ankatafuna pang'onopang'ono, maso akuyenda pa anthu ngati munthu wowerenga mbuzi zolowa m'khola.

"Achemwali," anatero, "ukwati wakoma uwu. Abale onse afika?"

"Amene ali ndi miyendo afika," ndinamuyankha.

"Nanga a ku Joni?"

"A ku Joni alibe manja olembera kalata, miyendo aitenga kuti?"

Anaseka, ndipo kusekako ine sindinakukonde.

Dzuwa litafika pamutu, amayi akuvina msindo kutsogolo, ndinazungulira kuseri kumene tinkaphikira. Ndinapeza mkazi wachilendo akutula mtolo wa nkhuni. Anali wamng'ono kwa ine, wamtali, wa khosi loonda. Amayi a kwathu ankayesa ndi wa ku Domwe. Nditakafunsa apongozi ake a Luwiza, anati, "Ife timayesa ndi wanu." Ndinabwerera n'kumuyang'ana kumapazi monga munkanenera. Anali otuwa, ong'aluka, mapazi a munthu amene wayenda kuposa tsiku limodzi. Kenako ndinakweza maso.

Anali atavala nsalu yanu, Amayi. Ija yofiirira ya nkhanga zoyera imene abambo anakugulirani ku Halale. Yasuluka tsopano, nkhanga zake zikungooneka mwa apo ndi apo, koma bowo lija lilipo cham'munsi, la nsonga zitatu, mmene nsimbi ya makala inakhalira, ndi chigamba chimene munasoka ndi ulusi wofiira poti wina munalibe. Bowo limene munamukwapulira Zakariya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, n'kumusiya akuweta mbuzi tsiku la ukwati wa amalume, ife tonse tikukadya nyama. Nsalu imeneyo ndinaiona komaliza mukukulungamo ufa ndi nyemba m'mawa umene iye anachoka.

Musaganize kuti ndinakondwa. Ndinachita mantha, ndipo manthawo anasanduka ukali. Ndinati mumtima: Zakariya amugwira. Amugwira, amulanda nsaluyo, aveka mkazi wawo n'kumutumiza kuno kuti aone amene atulutse misozi. Zinachitikapo kutsidya kwa mtsinje, mukukumbuka. Munthu anafika atavala chipewa cha mwana wa pakhomo, make anachikumbatira, ndipo pasanathe masiku awiri galimoto inadzatenga amuna onse a pamenepo. Nanga Gasipala anafunsiranji za ku Joni tsiku lomwelo? Ndinaganizanso kuti mwina Zakariya anafa, nsaluyo n'kugulitsidwa pamsika, ndipo mkaziyu sakudziwa n'komwe chimene wavala. Ganizo lachitatu, loti mwina wamutuma ndi iye mwini, ndinalikankhira kutali, chifukwa ndilo ganizo limene wotchera msampha amafuna kuti likulowe.

Ndinamupatsa moni wouma. Anagwada, anaomba m'manja pang'ono, nati, "Ndine NaMbewe, ndachokera kumtunda." Kumtunda ndiye kuti? Dziko lonse la Lifidzi ndi kumtunda. Ndinamusiya, koma diso langa silinamuchoke. Sanapite kumphasa za alendo. Anatunga madzi, anasonkhezera moto, anatsuka mbale popanda womutuma. Podutsa pamene abambo anakhala anazungulira patali, anagwada atatembenuzira nkhope kumbali, ndipo sanaike kanthu m'kamwa pamalo pamene iwo akanamuona. Mlendo sachita zimenezo. Amachita zimenezo ndi mtengwa, mkazi wa mwana wa pakhomo. Komabe maso ake sankakhazikika. Ankayang'ana nkhope ya mayi wachikulire aliyense, mmodzimmodzi, n'kubwerezanso. Ine ndinati, werenga, kazitape iwe, werenga bwino ukawauze akutumawo.

Nthawi yogawa ndiwo itakwana, chipande chinali m'manja mwa azakhali, ndipo iwo m'malo mogawa ankafotokoza za bondo lawo. Mkaziyo anatambasula mkono nati, "Mundibwereke dzanja la mtengo, ndikuthandizeni."

Amayi, ndinatembenuka n'kumuyang'anitsitsa. Dzina la abambo ndi Chipande, ndipo inu zaka zonse za ukwati wanu simunalitchule, ngakhale pofuna chiwiyacho. Atengwa ena a m'banja lino amati choomolera, koma inu munadzipangira lanulanu, dzanja la mtengo, ndipo ife ana anu tinakula tikuyesa kuti dziko lonse limatero, mpaka anzathu atatiseka kuchitsime. Chiyambire tsiku la maliro anu mawu amenewo ndinali ndisanawamvenso.

Azakhali anatong'ola maso. "Iii, mawu a malemu awa! Ndipo taimani, Rozariya, nsalu iyi si ija ya..."

Ndinawaponda chala ndi chidendene changa chonse. Anakuwa, anandinena, anaitana Mulungu ndi amayi awo omwe, koma chiganizo chija sanachimalize. Ndikupepesa kwa inu chifukwa munandiphunzitsa kulemekeza akuluakulu. Kwa iwo sindinapepesebe.

Ngakhale zinali choncho mtima wanga sunafewe. Mawu amenewo mudzi wonse unkawadziwa. Gasipala yemweyo anakula akudya pakhomo pano, anawamva kambirimbiri. Akanatha kumukhazika pansi mkaziyo n'kumuphunzitsa: ukazungulire mkulu uja, ukagwade chonchi, chipande ukachitchule chakuti. Ndinali ndikuganizabe zimenezo pamene ndinamva majombo kumbuyo kwanga. Gasipala anali ataswa lamulo lachiwiri. Anafika pakati pa miphika, ndudu ili m'kamwa, akuti akufuna moto. Anatola khala, anayatsa, anapuma utsi, ndipo analoza ndi chibwano.

"Mayi awa sindikuwadziwa. Ndi mlendo wa yani?"

Mithiko yonse inaima. Inu mukudziwa mmene ndimaganizira msanga ndikapanikizika, koma tsiku limenelo njira zonse ziwiri zinkathera ku posito. Ndikati ndi wanga, mkaziyo ali wotumidwa ndi iwo, ndiye kuti ndavomera kuti nsaluyo ndaizindikira, ndipo adzabwera kudzamaliza manja a abambo ndi kutenga amuna anga. Ndikati sindikumudziwa, iye ali wa Zakariya, ndiye kuti ndamupereka ndekha, munthu wopanda giya, ndipo mbalamatodya idzamutulutsa zonse. Ndinamuyang'ana. Sanayang'ane kwa Gasipala ngati mmene munthu amayang'anira mnzake wa chiwembu. Anangotsitsa dzanja n'kuliika pamimba, mosadziwa, ndipo ndi pamene ndinaona kuti pansi pa nkhanga zanu zosulukazo panali mimba ya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi.

Sindikudziwa ngati munandilowa ndinu. Ndinangomva pakamwa panga patseguka ndi mawu anu enieni, aja munkakalipira nawo akazi a amalume.

"Ndi wanga, tsoka langa! Mlamu wa kwawo kwa amayi, ku Tsangano, wouma mutu ngati chitsa. Iwe NaMbewe, sindinakutumizire mawu? Paukwati wa mzime wa amayi anga ubwere ndi chisanza cha kumunda? Takuitanira kupalira ife? Anthu a ku Domwe akatiseke kuti kwathu timavala zobooka? Dzuka! Dzuka undichotsere manyazi pamaso pa a boma!"

Ndinamugwira pamkono n'kumukoka ngati mwana wokana kusamba. Amayi ena anaseka, ena anati ndanyanya. Kumbuyo ndinamva Gasipala akuti, "Koma achemwali awa anatengera amayi awo." Ndinamulowetsa m'nyumba mwanu, ndinatseka chitseko, ndinachitsamira ndi msana.

"Lankhula msanga. Wakutuma ndani?"

"Bambo a uyu," anatero, dzanja lili pamimba.

"Dzina lawo?"

"Dzina la amuna anga sinditchula, alamu. Inu mukulidziwa. Ali moyo. Ali kutali, ndipo amandipeza mwa kamodzikamodzi, koma ali moyo. Tinamva kwa opalasa njinga a ku Domwe kuti mnzawo akukwatira kuno. Anati ndivale nsaluyi, ndikaime pamene amayi angandione, ndisalankhule kanthu, ndibwerere. Anati amayi akaona chigambacho adziwa okha. Ndayang'ana kuyambira m'mawa, alamu, palibe amene akundiyang'ana ngati mmene anandiuzira. Eni nsaluyi ali kuti?"

Ankafuna inu, Amayi. Nkhope zonse zija ankaziwerenga pofunafuna yanu.

Ndinamuuza kuti tinakuikani chaka chatha, nthawi yokolola. Anakhala pansi pomwepo, analuma m'mphepete mwa nsalu kuti kulira kusamveke panja, mapewa akugwedezeka. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinagwada n'kulira naye. Sindinatero. Ndinaimabe pachitseko ndikudzifunsa: ndi anthu otani amene amamva za ukwati koma osamva za maliro? Misozi ngakhale kazitape ali nayo. Mimba nayonso siikira munthu umboni. Ndinadzida chifukwa cha maganizo amenewo, koma zaka zitatu zomanga mabatani a abambo zandisandutsa munthu wotere.

"Zonse wanenazi," ndinatero, "munthu womangidwa akhoza kuzinena atamenyedwa. Ndipatse chimene palibe angaganize zomufunsa."

Anapukuta nkhope. Anandiyang'ana ngati akuchita manyazi ndi uthengawo. "Anati mwina mukakayika, poti inu mumakayikira ngakhale mchere. Anati zikatero ndinene kwa inu nokha, amayi asamve. Anati, ukamuuze Rozariya kuti nyama yanga ya paukwati wa amalume ndikuidikirabe, chifukwa nsimbi ija anaigwira ndi iye."

Ndinamasula mfungulo m'chiuno. Ndinatsegula bokosi, ndinatulutsa nsalu yanu yatsopano. Ndinamuvula yakaleyo n'kuibisa pansi penipeni, ndipo ndinamuveka yobiriwira ija ndekha, kuimanga m'mwamba kuti mimba isaoneke. Duku ndinamumanga mmene munkamangira inu, mfundo kumanzere. Ndinamusambitsa mapazi, ndinawadzoza mafuta a nsatsi. Titatuluka, akuchikazi tinali khumi ndi anayi, ndipo munthu woima patali sakanasiyanitsa wina ndi mnzake. Ndinamulowetsa pakati pa bwalo la msindo. Kenako ndinamutengera kuseri kwa nkhokwe, kumene abambo sakanamuona, ndipo ndinamupatsa mbale ya nyama yodzaza kuposa ya Gasipala. Ina ndinaiwamba n'kuikulunga m'masamba a nthochi kuti apite nayo. Mukudziwa kuti inali ya yani.

M'mawa mwake tinaperekeza Luwiza ku Domwe, mitsuko, mphasa ndi malichero zili pamutu, tonse mu nsalu yofanana, NaMbewe ali pakati pathu. Panjira asilikali anatiimitsa pamlatho, anaona lisensa ya ukwati, anatiuza tivine pang'ono, anaseka, anatilola. Kuchokera ku Domwe malire sali patali. Ine ndi NaMbewe tinasiyana kuseri kwa munda wa tirigu. Sindinamukumbatire, poopa maso. Anangondigwira chala chimodzi n'kunena kuti mwanayo akakhala wamkazi dzina likhala lanu. Sindinamufunse kumene amakhala, ndipo iye sananene. Chimene sindikuchidziwa palibe angandichotse m'manja.

Patapita masiku anayi Gasipala anabwera. Ndinali kusenda kachewere pakhonde lomwe lino. Atafika pampanda anavula chipewa. Amayi, chipewa chimene anakana kuvula paukwati wonse, pamaso pa abambo ndi ankhoswe, anachivulira ine ndi mpeni wanga. Zimenezo zinandiopsa kuposa za tsiku lija.

"Ku Domwe munapita khumi ndi anayi," anatero, "mwabwerako khumi ndi atatu."

"Mmodzi amatsala kuti azikhala ndi mkwatibwi masiku oyamba. Mwambo mwauiwala chilowereni ntchito ya boma?"

"Sindinauiwale." Anazunguza chipewacho m'manja. "Nsalu ya malemu ija inamukhala bwino mlendo wanu."

Nsalu iti? Yatsopano, imene mudzi wonse unkadziwa kuti ndi yanu chifukwa cha pakamwa pa azakhali? Kapena ya nkhanga, imene mwina munamuberekapo nayo make atadwala? Sindinafunse. Ndinapitiriza kusenda, ndipo ndinasenda ndi chala chomwe. Kenako Gasipala anati, "Amayi anu anandidyetsa chaka cha njala, ine sindinaiwale." Anavala chipewa n'kumapita.

Ndiye ndiuzeni inu, poti munamuona asanatsegule maso: kumeneko kunali kuthokoza, kapena kundichenjeza, kapena akungotayira chingwe kuti mbuzi ipite patali asanakoke? Usiku ndimati ndi munthu wabwino, m'mawa ndimati ndi sipayo. Masabata atatu atha, galimoto sinabwere. Koma ndamanga kale kamtolo ka zovala za ana, kali kuseri kwa mtondo, ndipo amuna anga ndawauza kuti ndi zofuna kuchapa.

Azakhali sakundilankhula bwino. Akuti ndinawathyola chala ndiponso ndinapatsa nsalu ya mlamu wawo munthu wa pamsewu. Ndawauza kuti akangotchula nkhanga kwa munthu aliyense, galimotoyo idzayambira pakhomo pawo. Mpaka pano agwira pakamwa, ndipo chimenecho n'chozizwitsa chachikulu kuposa zonse zimene padiri amatiwerengera. Abambo sindinawauze kanthu, chifukwa akalawa masese mtima wawo umatuluka. Koma dzana, ndikuwamanga mabatani, anandifunsa kuti, "Mkazi uja anandizungulira ngati mpongozi, ndi wa yani?" Ndinabwereza bodza la ku Tsangano. Anayang'ana manja awo, nati, "Akadzabweranso, umuuze kuti ndinamuona."

Tsopano ndatsala ndi chimodzi, ndipo ndi chimene chandivuta kulemba kuposa zonsezi. Uthenga uja unati amayi asamve, koma ine ndatopa kuusunga.

Nsalu ija ndinawotcha ndine, Amayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Munabwereka nsimbi kwa akazi a aphunzitsi kuti musite nsaluyo mukavale ku ukwati wa amalume, ndipo mutapita kumtsinje ine ndinafuna kukudabwitsani. Ndinadzaza makala ambiri. Nkhuku italowa m'nyumba ndinaithamangira, nsimbi n'kuisiya itagona pansalu. Nditamva fungo ndinathawira kudimba, ndipo pobwera munapeza Zakariya ataima pomwepo, ainyamula kuti isapitirire kupsa. Munathyola nthambi ya pichesi. Ine ndinali kuseri kwa khola, ndikuona. Iye anandiona, Amayi. Anandiyang'ana m'maso nthawi yonse imene munkamukwapula, ndipo sanatchule dzina langa. Ku ukwatiko ndinadya nyama yanga ndi yake yomwe. Zaka zonsezi munkamunena mukaona chigambacho, kuti mwana uyu manja ake ndi owononga, ine n'kumaseka nanu. Pamene munali pamphasa ndinafuna kunena, koma ndinati mawa, ndipo mawa lakelo tinali kukumba manda.

Ndi chifukwa chake ndinamukhulupirira mkazi uja. Munthu amene sananditchule ali mwana, nthambi ili pamsana, sangatchule nkhani imeneyo kwa omumenya. Anaitumiza yekha, akuseka, mmene amasekera.

Nsalu ya nkhanga ili m'bokosi lanu, mfungulo ili m'chiuno mwanga. Ndikukulonjezani kuti kaya galimoto ibwere kaya isabwere, dzina la mkazi uja silituluka m'kamwa mwanga. Ngongole ya kukhala chete ndili nayo kwa Zakariya kuyambira tsiku lija. Ndipo nkhondoyi ikadzatha, iye akadzalowa pampanda uwu, ndidzapha mbuzi yathunthu, ndidzavala nsalu yobookayo pamaso pa mudzi wonse, ngakhale likhale tsiku la ukwati, ndipo ndidzanena mokweza amene anaiwotcha. Mukafuna kundikwapula, pichesi uja akadalipo.

Moto wayaka, mdzukulu wanu wadzuka ndipo wayamba nyimbo yake. Landirani utsiwu. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kuposa mmene pepalali linganyamulire.

Ndine mwana wanu woyamba, wokayikira ngakhale mchere,

Rozariya